Wodula Ulusi m'Selo la Yisiti

Tsiku limene ndinayamba kugwira ntchito ndi yisiti mu labotale, mayi amene ankandiphunzitsa anaika mbale ziwiri patebulo n'kuzivundukula. Zonse zinali ndi timilu ta yisiti, tating'ono ngati mitu ya mapini, tomera pa chakudya cholimba chimene amachitcha agar. Pa mbale imodzi timiluto tinali tofiira ngati njerwa yopsa bwino. Pa inayo tinali toyera mbee. Kenako anati: "Muyang'anitsitse. Yisiti ameneyu ndi mmodzi. Mukawerenga DNA yake simupeza chilembo n'chimodzi chomwe chosiyana. Koma wofiirayu amabereka ana ofiira, woyerayu amabereka ana oyera, mibadwomibadwo. Ndiye mundiuze chimene akupatsiranacho."

Ndinasowa chonena. Zonse zimene ndinaphunzira kusukulu zinkati chibadwa chimayenda m'majini, ndipo majini ali mu DNA, basi. Apa panali chinthu chimene kholo likusiyira mwana koma chosalembedwa paliponse. Papita zaka, koma funso lija silinandichokebe m'mutu, ndipo yankho lake linanditengera kumene sindinkayembekezera. Ndinkaganiza kuti ndipeza puloteni yoipa imene ikuwononga selo mwa mphamvu zake zokha. Chimene ndinapeza ndi puloteni yopanda mphamvu, imene singathe ngakhale kufika kwa zidzukulu zake popanda kunyamulidwa ndi atetezi a selo lomwelo.

Puloteni yake dzina lake ndi Sup35. Selo likamapanga puloteni iliyonse, kamakina kotchedwa ribosome kamawerenga uthenga wochokera ku jini zilembo zitatuzitatu, n'kumalumikiza ma amino asidi ngati mikanda. Kumapeto kwa uthengawo kumakhala chizindikiro chouza kamakinako kuti kaime: UAA, UAG kapena UGA. Sup35 ndi mnzake Sup45 ndi amene amaona chizindikirocho n'kutseka ntchito. Tsono yisiti wa pa mbale zija anali ndi chilema: pakati pa jini yotchedwa ADE1 panali chizindikiro choimitsa pamalo pamene sichinayenera kukhala. Sup35 akakhala wabwinobwino amachimvera, puloteni imathera panjira, yisiti amalephera kupanga adenine, chimodzi mwa zipangizo za DNA, ndipo zotsalira za ntchito yosamalizikayo zimaunjikana m'selo n'kufiira. Koma Sup35 akamatirirana yekhayekha n'kukhala zibuluma, otsala oimitsa ribosome amachepa. Nthawi zina kamakina kaja kamangodutsa pachizindikiro chija n'kumaliza puloteni yonse, ndipo yisiti amayera. Choncho wofiira uja ndiye wathanzi. Woyera ndiye ali ndi prion.

Mawu akuti prion anawayambitsa ndi Stanley Prusiner mu 1982, pofotokoza chimene chimayambitsa matenda a scrapie a nkhosa: puloteni yopindika molakwika imene imakakamiza inzake yabwino kupindika ngati iyo. Ambiri anamutsutsa kwa zaka, mpaka anadzalandira mphoto ya Nobel mu 1997, dziko la Britain litazunzika kale ndi matenda a misala ya ng'ombe. Koma anthu a yisiti anali ataona kale chinthu chotere asakudziwa dzina lake. Mu 1965 Brian Cox, wa ku Britain, anafotokoza chibadwa chachilendo chimene anachitcha psi, chimene lero timachilemba kuti [PSI+]. Yisiti awiri akakwatitsidwa n'kubala timbewu tinayi, lamulo la chibadwa la Mendel limati tiwiri titengere kholo lina, tiwiri linalo. Kwa Cox tonse tinayi tinkatengera kholo loyera. Mu 1971 François Lacroute, wa ku France, anapeza china chofanana nacho, chimene lero timachilemba kuti [URE3]. Zizindikiro zotsekera dzinalo mbali zonse ziwiri zili ndi tanthauzo: zimasonyeza kuti chibadwacho sichili pa ma chromosome, timitolo ta DNA mmene mumakhala majini. Anthu anasakasaka kavairasi kapena kachidutswa ka DNA kobisika koma sanapeze kanthu.

Amene anamasula mfundoyi ndi Reed Wickner, wa ku National Institutes of Health ku America, mu 1994. Anaona zinthu zimene kavairasi sikangachite. Yisiti ukamuchiritsa [URE3], chimatha kudzabukanso chokha mwa apo ndi apo, popanda kuchitenga kwina. Ukachulukitsa puloteni yotchedwa Ure2 m'selo, chimabuka kawirikawiri. Ndiponso yisiti amene ali nacho amaoneka ngati alibe Ure2, pamene chinthucho sichingakhalepo popanda jini yopanga Ure2 yemweyo. Wickner anati [URE3] ndi Ure2 wosanduka prion, ndipo [PSI+] ndi Sup35 wosanduka prion.

Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola, ndipo kwa nthawi yaitali mwambi umenewu ndi umene unali chithunzi changa cha prion. Sup35 ali ndi ma amino asidi 685, ndipo kumutu kwake kuli kagawo kodzaza ndi mitundu iwiri ya ma amino asidi, glutamine ndi asparagine, kamene sikakhala ndi mpindo wokhazikika. Timagawo timeneti tikasanjikizana, lina pamwamba pa linzake, timapanga ulusi wautali wolimba wotchedwa amyloid. Ulusiwo umakula kunsonga zake: Sup35 watsopano akafika pansonga amaumbidwa mofanana ndi amene wamupezapo, iyenso n'kukhala chikombole cha wotsatira. Mpaka apa mwambi uja ukugwira. Koma taganizirani bwino. Yisiti amaphukira mwana pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Ulusi umodzi uli ndi nsonga ziwiri zokha, kaya utalike bwanji. Selo likagawikana, ulusiwo upita kumodzi, kwa mayi kapena kwa mwana, ndipo winayo akhala wopanda. Pakatha tsiku limodzi, pakati pa maselo masauzande ambiri, limodzi lokha ndi limene lingakhale ndi ulusi uja. Prion imene imangokula osaduka yatha kale. Kuti ikhale chibadwa, pafunika wina woti aziidula m'zidutswa, chidutswa chilichonse chikhale mbewu yatsopano ya nsonga ziwiri.

Woduladulayo anapezeka mu 1995, pa ntchito ya Yury Chernoff, Susan Lindquist, Bun-ichiro Ono, Sergei Inge-Vechtomov ndi Susan Liebman. Dzina lake ndi Hsp104. Chimene chimandikhudza mtima n'chakuti Hsp104 si mdani wa selo ngakhale pang'ono. Ali m'gulu la mapuloteni otchedwa ma chaperone, amene ine ndimakonda kuwatcha alezi, chifukwa ntchito yawo ndi kulera mapuloteni anzawo: kuwathandiza kupindika bwino akamabadwa, kuwagwira akamafuna kumatirirana, kuwadzutsa akagwa. Labotale ya Lindquist inaonetsa mu 1990 kuti yisiti wopanda Hsp104 amafa mochuluka kwambiri akakumana ndi kutentha koopsa, kumene mnzake wokhala naye amapulumuka. Kutentha kumasungunula mipindo ya mapuloteni, iwo n'kumatirirana ngati dzira lophika. Hsp104 ndi mphete ya zigawo 6 yokhala ndi kabowo pakati. Amagwira nsonga ya puloteni imene yakodwa m'chibuluma, n'kuikoka kudzera pakabowoko pogwiritsa ntchito mphamvu ya ATP, amene ali ngati mafuta a selo, mpaka ituluke mbali inayo itawongoka kuti ipindikenso bwino. Pa zibuluma zobwera ndi kutentha, imeneyi ndi ntchito yopulumutsa moyo.

Koma muikeni pa ulusi wa prion. Akasolola Sup35 mmodzi pakati pa ulusi, pamene wasololapo pamatsala mpata, ndipo ulusi umaduka pawiri. Nsonga zinali ziwiri, tsopano zili zinayi. Iye wachita ntchito yake mokhulupirika, koma zotsatira zake n'zakuti mbewu zachuluka. Gulu la Chernoff linapeza kuti ukachotsa jini ya Hsp104, [PSI+] imatheratu. Ndipo linapezanso chinthu chachiwiri chimene chinazunguza anthu mitu: ukamuchulukitsa kwambiri Hsp104, [PSI+] imathanso. Akasowa, yisiti amachira. Akachuluka, yisiti amachira. Prion imakhala ndi moyo pa mlingo wapakati wokha, umene ndi mlingo wa masiku onse wa selo lathanzi.

Zimenezi ndinaziwerenga, koma ndinazikhulupirira nditaziona ndi maso anga. Pali mankhwala otchedwa guanidine hydrochloride amene Mick Tuite ndi Cox anaonetsa mu 1981 kuti amachiritsa [PSI+], pa nthawi imene panalibe wodziwa chifukwa chake. Patapita zaka pafupifupi 20 m'pamene zinadziwika kuti pa mlingo wochepa umene timathira mankhwalawa sasungunula ulusi ayi, amangomanga manja Hsp104. Ine ndinathira timadontho take m'botolo la yisiti woyera, n'kuliika pa makina ogwedeza pa madigiri 30. Maola angapo alionse ndinkatapa pang'ono, kusungunula ndi madzi, kuwaza pa mbale yopanda mankhwala, kulemba nthawi pansi pa mbaleyo. Timilu timatenga masiku atatu kuti tioneke, ndipo kufiira kumakhwima bwino mbale ikagona masiku ena mu firiji. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mbale zoyamba zinatuluka zoyera zonse. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Mtima unayamba kundiuza kuti mankhwala ndinasakaniza molakwika, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya zonse n'kuyambiranso. Aphunzitsi anga aja anangoti: "Dikirani mbale za mawa." Mawa lake ndinapeza chinthu chimene mpaka lero ndimachiona m'maso. Pakati pa timilu toyera panali tina togawikana mitundu: theka loyera, theka lofiira, mzere wake wowongoka ngati wodulidwa ndi mpeni. Tina tinali toyera ndi kamphero kofiira kochokera pakati mpaka m'mphepete. Mbale zotsatira zinafiira pang'onopang'ono mpaka zomaliza zinali zofiira psuu, popanda koyera n'kamodzi komwe.

Mbalezo zinali kuwerenga mbewu. Selo loyera limakhala ndi mbewu zambiri, zimene Cox ndi Tuite anazitcha ma propagon, makumi kapena mazana malinga ndi mtundu wa prion. Wodula akamangidwa manja, mbewu zatsopano sizibadwanso, koma zakale zikadalipo. Selo likagawikana zimagawanidwa: 200 zisanduka 100, kenako 50, kenako 25. Kwa mibadwo ingapo mwana aliyense amalandirabe kenakake, n'chifukwa chake mbale zoyamba zinali zoyera. Kenako imafika nthawi imene selo latsala ndi mbewu imodzi yokha. Likaphukira, mmodzi aitenga, wina atsala wopanda, ndipo kamulu kamene kamera pamenepo kamatuluka theka loyera theka lofiira. Mzere wowongoka uja unali chipsera cha kugawikana kumodzi kwa selo limodzi, masiku atatu m'mbuyo. Gulu la Tuite linaonetsanso mu 2007 kuti yisiti akaletsedwa kugawikana, guanidine samuchiritsa. Mankhwalawa saphwanya kanthu, amangoimitsa kubereka kwa mbewu, ndipo kuchulukana kwa yisiti ndi kumene kumazimaliza.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo Hsp104 payekha sachita zambiri. Mu 1998 John Glover ndi Lindquist anaonetsa mu chubu kuti amafunika anzake awiri, Hsp70 ndi Hsp40, kuti apulumutse mapuloteni omatirirana. Pa prion napo ndi chimodzimodzi. Woyamba kufika pa ulusi ndi Hsp40 wotchedwa Sis1, amene amaitana Hsp70 wa banja la Ssa, ndipo Ssa ndi amene amabweretsa Hsp104 n'kumuyatsa. Ukachepetsa Sis1, ulusi umatalika, mbewu zimachepa, prion imatayika. Koma ma prion onse samva njala ya Sis1 mofanana: [URE3] imazimirira msanga, pamene [PSI+] imalimbikira kwa mibadwo yambiri.

Banja la Hsp70 ndi limene limandisangalatsa kwambiri, chifukwa m'nyumba imodzi muli abale okokera kosiyana. Ssa alipo anayi, ndipo pa nkhani ya [PSI+] amakonda kukhala mbali ya prion: ukamuchulukitsa Ssa1, amateteza [PSI+] kuti isachiritsidwe ndi Hsp104 wochuluka. Msuweni wake Ssb, amene alipo awiri, amakhala pakhomo pa ribosome penipeni, kulandira puloteni yatsopano ikamatuluka, isanakumane ndi aliyense. Iyeyu amatsutsa prion. Chernoff anaonetsa mu 1999 kuti yisiti wopanda Ssb amabukitsa [PSI+] kawirikawiri kuposa wabwinobwino. N'zomveka: mwana wolandiridwa bwino pobadwa sasochera msanga. Ndipo pali kanthu kena kakang'ono kamene ndikakakumbukira ndimagoma. Ssa1 ndi Ssa2 amafanana pafupifupi paliponse, koma sachita mofanana ndi [URE3]. Ssa1 amaifooketsa, Ssa2 amaisunga. Labotale ya Daniel Masison inatsatira kusiyanaku mpaka inakupeza pa amino asidi mmodzi, wa pamalo a 83, pamene wina ali ndi alanine wina glycine. Kusiyana kwa awiriwa ndi kagulu ka maatomu anayi okha. M'puloteni ya ma amino asidi oposa 600, timaatomu timeneti ndi timene timagamula ngati chibadwa chipitirire kapena chithe.

Nanga n'chifukwa chiyani Hsp104 wochuluka amachiritsa? Poyamba ambiri ankaganiza kuti amangodula mpaka ulusi utheretu. Koma zinadzaoneka kuti si zophweka choncho. Kuchulukitsa Hsp104 kumachiritsa [PSI+] bwino lomwe koma sikuchita zambiri pa ma prion ena, pamene kumuchotsa kumachiritsa pafupifupi onse a mtundu wa amyloid. Komanso ukadula kagawo ka kumutu kwa Hsp104, amapitiriza kufalitsa prion bwinobwino koma sathanso kuichiritsa akachuluka, kusonyeza kuti ntchito ziwirizi n'zosiyana. Gulu la Cox ndi Tuite likuti Hsp104 wochuluka amakakamira pa ulusi n'kuchititsa kuti mbewu zitsalire mwa mayi, mwana n'kuphuka wopanda kanthu. Gulu la Lois Greene ndi Evan Eisenberg likuti amasenga ulusi kuchokera kunsonga mpaka uchepe. Ine ndimapendekera ku ganizo loyambalo, chifukwa timilu togawikana mitundu timene timaoneka pa kuchiritsa kotereku timalankhula za kugawana kosalingana pakati pa mayi ndi mwana.

Pa mbale zathu panalinso mtundu wachitatu umene sindinautchule: wofiirira, pakati pa woyera ndi wofiira. Nawonso unkabereka ana ofiirira. Puloteni ndi imodzi yomweyo, koma imatha kupindika m'njira zingapo, ndipo mpindo uliwonse umadzikopera wokha. Mu 2004 magulu awiri, la Jonathan Weissman ndi la Chih-Yen King, anapanga ulusi wa Sup35 mu chubu, wopanda DNA kapena RNA ya prion, n'kuulowetsa mu yisiti wofiira. Yisitiyo anasanduka [PSI+], ndipo mtundu wake unatsatira mtundu wa ulusi umene analandira. Gulu la Weissman linapanga ulusi wina pa madigiri 4, wina pa madigiri 37. Wa pozizira unabala prion yamphamvu, yoyera. Wa potentha unabala yofooka, yofiirira. Munthu angaganize kuti ulusi wolimba ndiwo ubala prion yamphamvu. Motomasa Tanaka ndi anzake anaonetsa mu 2006 kuti ndi mosemphana. Ulusi wa pa madigiri 4 ndi wophwanyika msanga. Alezi amaudula mosavuta, mbewu zimachuluka, nsonga zimachuluka, Sup35 wambiri amamezedwa. Ulusi wolimba uja umavuta kudula, mbewu zake n'zochepa, ndipo nthawi zina mwana amaphuka osalandirako. Mphamvu ya prion ili m'kufewa kwake pamaso pa wodula.

Zonsezi ndi za kufalikira. Kubadwa kwa mbewu yoyamba ndi nkhani ina, ndipo kumeneko nakonso Sup35 sayenda yekha. Mwachibadwa [PSI+] imabuka mwa kamodzikamodzi kwambiri, selo limodzi pa miliyoni kapena kuposa. Ukachulukitsa Sup35 imabuka kawirikawiri, koma Irina Derkatch ndi Liebman anaona mu 1997 kuti izi zimachitika mwa yisiti ena okha, ena ayi, ngakhale majini awo ali ofanana. Chinthu chothandiziracho anachitcha [PIN+], ndipo patapita zaka zochepa zinadziwika kuti nachonso ndi prion, ya puloteni yotchedwa Rnq1. Ulusi wa Rnq1 umakhala ngati pogwirira pamene Sup35 oyambirira amasanjikizana. Prion ina ikulera inzake. Ndipo sizithera pa yisiti: chidutswa cha puloteni ya matenda a ubongo otchedwa Huntington, chokhala ndi glutamine wambiri, chikaikidwa mu yisiti chimaunjikana n'kuvulaza selo makamaka pamene [PIN+] ilipo.

Kwa zaka zambiri ndinkaona selo ngati munthu wopusitsidwa, wodyetsa mdani wake osadziwa. Ntchito ya Wickner ya zaka zotsatira inandisintha maganizo. Mu 2008 labotale yake inapeza kuti mapuloteni awiri, Btn2 ndi Cur1, akachulukitsidwa amachiritsa [URE3]. Btn2 sadula kanthu. Amatolera zidutswa za Ure2 zimene zamwazikana m'selo n'kuziunjika pamalo amodzi, mothandizidwa ndi mlezi wamng'ono wotchedwa Hsp42. Mbewu zikakhala mulu umodzi, selo likagawikana mmodzi yekha ndi amene amautenga, winayo amayamba moyo wopanda prion. Kenako mu 2014 anafunsa funso labwino kwambiri: nanga pa mlingo wawo wa masiku onse, awiriwa amachita chiyani? Anabukitsa [URE3] mu yisiti wopanda Btn2 ndi Cur1, kenako n'kuwabwezeretsa pa mlingo wamba. Mitundu yambiri ya [URE3] imene inabadwa iwo kulibe inafafanizika iwo atabwerera. Zofanana nazo zinadzapezeka pa Hsp104 weniweni, kuti pa mlingo wake wamba amachotsa mitundu yambiri ya [PSI+] ikangobadwa, komanso pa mapuloteni otchedwa Upf amene amagwirana ndi Sup35.

Tanthauzo lake n'lalikulu. Ma prion amene takhala tikuwaphunzira mu labotale kwa zaka 60 ndi opulumuka okhaokha, ochepa amene mpindo wawo unatha kuzemba alonda onse. Ambiri amabadwa n'kufa tisanawaone. Mbale yoyera imene ndinaonetsedwa tsiku loyamba lija inali ya prion imodzi imene inapeza mpata wopapatiza: yofewa mokwanira kuti idulidwe, yolimba mokwanira kuti isatheretu, yosaoneka kwa otolera zinyalala.

Apa m'pamene pali mkangano umene unagawa anthu a ntchito imeneyi. Lindquist, amene anamwalira mu 2016, ankakhulupirira kuti [PSI+] ikhoza kukhala yothandiza. Mu 2000 iye ndi Heather True anaonetsa kuti ribosome ikamadumpha zizindikiro zoimitsa, zibadwa zobisika zimatulukira, ndipo pa malo ena ovuta yisiti wa prion amakula bwino kuposa mnzake. Mu 2012 gulu lake linapeza [PSI+] mwa yisiti ochepa a kutchire, pakati pa mitundu pafupifupi 700 imene linayeza. Wickner amati ayi, amenewa ndi matenda. Chinthu chopatsirana mosavuta chonchi chikanakhala chothandiza chikanapezeka paliponse, koma n'chosowa, ndipo labotale yake inaonetsa mu 2011 kuti mitundu yambiri ya [PSI+] imadwalitsa kapena kupha selo, chifukwa imameza Sup35 yense, puloteni imene yisiti sangakhale moyo popanda iyo. Ine, pa [PSI+] ndi [URE3], ndili mbali ya Wickner. Selo silikanaika alonda ochuluka chonchi pakhomo poletsa mlendo wabwino. Koma sindinganene kuti prion iliyonse ndi matenda, chifukwa bowa wotchedwa Podospora anserina ali ndi yake, [Het-s], imene amaigwiritsa ntchito pozindikira mnzake wosiyana naye n'kutseka malire. Ndipo mu 2018 gulu la Simon Alberti ku Dresden linaonetsa kuti yisiti akasowa chakudya, m'kati mwake n'kuwawasa, Sup35 amadziunjika m'timadontho tofewa timene timasungunukanso zinthu zikabwerera mwakale, ndipo kagawo ka kumutu kaja kamathandiza pa zimenezi. Kagawoko kali ndi ntchito yake yabwino. Prion ndi ngozi imene imabwera nako.

Ena amandifunsa chifukwa chake munthu angathere zaka pa utoto wa yisiti. Ulusi wa amyloid ndi womwewo umene umapezeka mu ubongo wa odwala Alzheimer ndi Parkinson, ngakhale mapuloteni ake ndi ena. Ife anthu, ndi nyama zonse, tilibe Hsp104 m'madzi a m'maselo athu, pamene zomera, bowa ndi mabakiteriya ali naye kapena ali ndi m'bale wake. Komabe sitili manja lende. Mu 2015 gulu la Bernd Bukau ku Heidelberg linaonetsa kuti alezi atatu a munthu, Hsp70, Hsp110 ndi Hsp40 wotchedwa DNAJB1, amene ndi m'bale wa Sis1, amatha kuphwasula ulusi wa alpha-synuclein, puloteni ya matenda a Parkinson. James Shorter ku Pennsylvania wakhala akusintha Hsp104 wa yisiti kuti akhale wamphamvu zedi, wotha kulimbana ndi mapuloteni a matenda a ubongo. Ndimaitsatira ntchito imeneyi ndi chiyembekezo, koma ndi mantha pang'ono, chifukwa ndinaona pa mbale zimene kudula kosamaliza kumachita. Mankhwala amene angaphwanye ulusi wa mu ubongo m'zidutswa khumi n'kulekera pomwepo asiya nsonga 20 pamene panali ziwiri.

Yisiti amasungidwa m'timachubu tokhala ndi glycerol, mankhwala oteteza maselo ku kuzizira, mu firiji yozizira madigiri 80 pansi pa ziro. Mmenemo zonse zimaima: palibe kugawikana, palibe kudula, palibe kukula kwa ulusi. Patapita zaka zingapo ndinafuna kugwiritsanso ntchito yisiti wa masiku oyamba aja. Ndinatulutsa timachubu tiwiri, zala zikuwawa ndi kuzizira, ndinapala pamwamba pa madzi oundanawo ndi kamtengo kowiritsidwa, n'kukhwatcha pa mbale imodzi, uyu kumanzere uyu kumanja. Pamene maselo ankatsitsimuka, Sis1 anafika pa ulusi umene unagona zaka zonsezo, Ssa anatsatira, mphete ya zigawo 6 inakhala pamalo pake n'kuyamba kukoka. Tsiku lachitatu ndinatsegula chitseko cha makina ofunditsa n'kutembenuza mbale. Kumanzere kunali kutayamba kufiira. Kumanja kunali koyera mbee.